Kusiya jenereta ya petulo n'kuika sola pashopu: kawerengedwe, zida ndi kalumikizidwe

Mafuta onse amene timathira m'galimoto, m'njinga zamoto ndi m'majenereta kuno ku Malawi amachokera kunja. Amatsitsidwa m'sitima ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi madola. Ndalama zakunja zikasowa, mizere imayamba m'malo omwetsera mafuta, ndipo kwacha ikagwa, monga idagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa lita sukhala pamodzi. Ovutika msanga ndi amalonda ang'onoang'ono a pamsika pomwe mawaya a ESCOM sadafike: wometa, wotchajitsa mafoni, woonetsa mpira, wagolosale. Jenereta yaing'ono ija yosakaniza oilo ndi petulo imamwa pafupifupi theka la lita pa ola, kaya mwalumikizako zambiri kaya babu ndi TV yokha. Ikamalira maola anayi patsiku, ndi malita awiri, pamwezi malita 60. Chulukitsani malitawo ndi mtengo wa lero, muonjezepo oilo, mapulagi ndi ndalama ya mmisiri wokonza, ndipo chiwerengero chimenecho muchisunge, chifukwa n'chimene mudzachiyerekeze ndi mtengo wa zida za sola.

Sola zambiri zimene zimafa chaka chisanathe sizifa chifukwa dzuwa n'lochepa. Mwini wake adayamba ndi kugula, kuwerenga n'kubwera pambuyo, ndiye batire imakamidwa usiku uliwonse mpaka kutheratu. Choncho ntchito iyambe ndi pepala ndi cholembera.

Kuwerenga mphamvu imene mumadya patsiku

Chida chilichonse chili ndi kachizindikiro kumbuyo kapena pa chaja yake kosonyeza mawati, olembedwa ndi W. Pomwe alemba mavolti ndi ma amp okha, chulukitsani ziwirizo: 12 V ndi 2 A ndi 24 W. Kenako chulukitsani mawatiwo ndi maola amene chidacho chimayaka patsiku, mupeze Wh, womwe ndi muyeso wa mphamvu yodyedwa. Maolawo lembani enieni, a tsiku la msika kapena la mpira, osati a tsiku lopanda makasitomala.

Tiyerekeze shopu yometera yomwe imatchajitsanso mafoni ndi kuonetsa TV madzulo:

Mababu anayi a LED a 5 W, maola 5: 100 Wh
Mafoni 20, iliyonse 15 Wh: 300 Wh
Makina ometera a 15 W, maola 4: 60 Wh
TV ya LED ya mainchi 32 ya 45 W, maola 4: 180 Wh
Dikoda ya 15 W, maola 4: 60 Wh
Sipika ya 20 W, maola 5: 100 Wh

Zonse pamodzi ndi 800 Wh. Koma si mphamvu yonse yochoka padenga imene imafika pa soketi. Ina imatayikira mu inveta, chida chosintha magetsi a batire kukhala a m'masoketi, ina mu batire potchaja, ina m'mawaya. Onjezeranipo magawo 30 pa 100 alionse, kutanthauza kuchulukitsa ndi 1.3, mupeza 1,040 Wh. Zida zonse tizisankha potsata chiwerengero chimenechi.

Mndandandawu ulibe ayironi, ketulo, mbaula yamagetsi kapena chowumitsira tsitsi, ndipo n'dala. Chilichonse chogwira ntchito potentha chimadya pakati pa 1,000 ndi 2,000 W. Ketulo imodzi yowira kwa mphindi khumi imadya kuposa mababu onse anayi pa maola awo asanu aja, ndipo imakoka ma amp oposa 100 pa batire ya 12 V. Pa sola ya kukula uku zimenezo zisayandikire. Ngati muli ndi TV yakale yamsana ija kapena mababu akale otentha a 60 W, kusintha zimenezo n'kotchipa kuposa kugula panelo ndi batire zoti zizidyetse.

Mapanelo

Dzuwa limatuluka maola 11 mpaka 13 patsiku, koma lamphamvu loti panelo ipereke zonse zimene idalembedwa limakwana ngati maola 5 mukaphatikiza tsiku lonse. Powerenga gwiritsani ntchito maola 4, kuti mitambo ya mu Januwale ndi Febuluwale isakudzidzimutseni. Kugawa 1,040 ndi 4 kukupatsani 260 W. Choncho mapanelo awiri a 150 W, omwe pamodzi ndi 300 W, ndiwo poyambira. Kumadera kumene chiperoni chimaphimba dzuwa masiku angapo motsatizana mu Juni ndi Julayi, monga ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre, komanso kumapiri a kumpoto, panelo yachitatu si mwanaalirenji.

Pamsika pali mapanelo olembedwa mawati amene alibe. Njira yosavuta yowagwirira ndi tepi yoyezera. Panelo ya masiku ano imapereka pakati pa 150 ndi 220 W pa sikweya mita imodzi, ndiye ya 150 W iyenera kuyandikira sikweya mita imodzi, mwachitsanzo kutalika pafupifupi mita ndi theka, m'lifupi masentimita 67. Ikakhala ya mita imodzi m'litali ndi theka la mita m'lifupi koma yalembedwa 300 W, pepala lakumbuyolo likunama. Kenako itulutseni padzuwa masana ndi multimeter, kachida koyezera mavolti ndi ma amp. Panelo yopangidwira batire ya 12 V iyenera kuonetsa 21 mpaka 22 V isanalumikizidwe kulikonse. Mavolti okha sakwanira, chifukwa ngakhale panelo yofooka imawaonetsa; yezaninso ma amp, mutasamutsa waya wofiira wa mita kupita pa bowo la 10 A, ndipo chiwerengerocho chiyandikire chimene chalembedwa pa pepala lakumbuyo pomwe pali zilembo Isc. Ya 150 W imafika cha m'ma 8 kapena 9 A dzuwa likakhala paliwombo. Yang'ananinso galasi: pasakhale mng'alu, nthunzi ya madzi mkati, kapena timadontho takuda topserera.

Batire, pomwe pagona ndalama zanu

Panelo yabwino imatha zaka 20 ndi kupitirira. Batire ndiyo imatha msanga, ndiyo yodula, ndipo moyo wake umadalira mmene mukuisamalira.

Gawani 1,040 Wh ndi 12 V, mupeza 87 Ah, womwe ndi muyeso wa kukula kwa batire. Batire ya mtovu, kaya yothira madzi, ya gel kapena ya AGM, siyenera kutsika kupitirira theka, choncho chulukitsani ndi 2: 174 Ah. Yoyandikira pamsika ndi ya 200 Ah. Chifukwa cha lamulo la thekali n'chakuti batire ikamatsitsidwa kwambiri, kapena ikakhala masiku isanadzadzidwe, pa mapuleti ake pamauma zoyera zolimba zimene sizisungunukanso potchaja. Malo osungira mphamvu amachepa pang'onopang'ono, mpaka batire imene inkafika pakati pa usiku izizima 7 koloko madzulo, pomwe masana imaoneka ngati yadzadza msanga. Kudzadza msanga ndi kutha msanga ndicho chizindikiro chakuti batire yatopa.

Batire yagalimoto musaigule pa ntchito iyi, ngakhale ili yotchipa. Idapangidwa ndi mapuleti opyapyala oti apereke mphamvu yambiri kwa kamphindi polizira injini, kenako n'kudzadzidwa nthawi yomweyo. Mukamaitsitsa usiku uliwonse mapuletiwo amayoyoka pa miyezi yochepa. Funsani ya deep cycle, yopangidwira kutsitsidwa ndi kudzadzidwa tsiku ndi tsiku. Pogula, inyamuleni kapena muiike pasikelo, chifukwa mphamvu ya batire ya mtovu ili mu kulemera kwake: ya 100 Ah imalemera pafupifupi makilogalamu 30, ya 200 Ah pakati pa 55 ndi 65. Yolembedwa 200 Ah koma mwana n'kuinyamula yekha, mkati mwake mulibe zimene zalembedwazo. Iyezeninso isanachoke m'sitolo: yatsopano yosungidwa bwino imaonetsa 12.6 V kapena kuposa. Yoonetsa 12.2 V yakhalitsa pashelufu osatchajidwa, ndipo yayamba kale kuwonongeka.

Ngati ndalama zilipo, batire ya lithium ya mtundu wa LiFePO4 ndiyo yabwino. Ya 100 Ah pa 12.8 V imasunga 1,280 Wh, ndipo mutha kudyako magawo 80 pa 100 tsiku lililonse osaivulaza, choncho imagwira ntchito yofanana ndi ya mtovu ya 200 Ah. Siifuna madzi, imadzadza msanga, ndipo imapirira kutchajidwa ndi kutsitsidwa kambirimbiri kuposa ya mtovu. Chofunika n'chakuti ikhale ndi BMS mkati, kachipangizo koiteteza, ndiponso kontirola yanu, chida chowongolera katchajidwe ka batire, ikhale ndi malo osankhira lithium. Mabatire a lithium opangidwa pophatikiza timabatire tochotsedwa m'malaputopu akale ndi mtundu wina, ndipo amatha kugwira moto. M'shopu yofolera udzu kapena yogonamo anthu asalowe.

Musaphatikize batire yakale ndi yatsopano, kapena zosiyana kukula. Yofookayo imakoka yamphamvuyo mpaka zonse zifanane kufooka.

Kontirola ndi inveta

Kontirola, imene ena amati regyuleta, imakhala pakati pa mapanelo ndi batire kuti batire isapitirire muyeso podzadza. Kulumikiza panelo molunjika ku batire, monga amachitira ambiri kumidzi, kumawiritsa madzi a batire n'kuumitsa mapuleti.

Ilipo ya mitundu iwiri. Ya PWM ndi yotchipa ndipo imagwira bwino ndi mapanelo olembedwa Vmp (mavolti amene panelo imapereka ikamagwira ntchito mokwanira) ya 17 mpaka 18 V. Ya MPPT ndi yodula, koma imasandutsa mavolti otsala kukhala ma amp, ndipo ndi yokhayo yoyenera mapanelo aakulu aja a 300 W ndi kupitirira, amene Vmp yawo ili pa 30 mpaka 40 V. Apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama osadziwa: amagula panelo imodzi yaikulu ya 300 W, n'kuilumikiza ku batire ya 12 V kudzera pa PWM. PWM imatsitsa mavolti a panelo kufika pa a batire koma ma amp osawawonjezera, ndiye panelo ya 300 W yopereka 9 A imangotulutsa ngati 120 W. Zoposa theka zatayika. Chenjeraninso ndi timakontirola topepuka tolembedwa MPPT koma togulitsidwa pa mtengo wa PWM. MPPT yeniyeni imalemera chifukwa ili ndi koyilo mkati ndi zitsulo zoziziritsira kumbuyo, ndipo imalemba mavolti ochuluka amene ingalandire kuchokera ku mapanelo, monga 75 kapena 100 V.

Kukula kwa PWM kumapezeka pophatikiza Isc ya mapanelo onse n'kuchulukitsa ndi 1.25. Awiri a 9 A ndi 18 A, kuchulukitsa ndi 1.25 ndi 22.5 A, choncho gulani ya 30 A. Ngati mukuganiza zodzaonjezera panelo yachitatu, gulirenitu ya 40 A.

Inveta imasintha 12 V ya batire kukhala 230 V ya m'masoketi. Phatikizani mawati a zonse zimene zingayake nthawi imodzi. M'chitsanzo chathu sizikufika 250 W, ndiye inveta ya 500 W ikukwanira ndi malo otsala. Yaikulu mopitirira si yabwino, chifukwa inveta imadya mphamvu ngakhale palibe cholumikizidwa, ndipo yaikulu imadya zambiri. Ngakhale yaing'ono imamwa pakati pa theka la amp ndi amp imodzi ili chiyakire, zomwe usiku wa maola 12 zimafika 6 mpaka 12 Ah zongotayika. Zimitsani potseka shopu. N'chifukwa chake n'kwanzeru kuika mababu a 12 V olumikizidwa pa kontirola pomwe pali chizindikiro cha babu, kuti babu lapakhonde liziyaka usiku inveta ili yozima. Sankhani yolembedwa pure sine wave. Ya modified sine ndi yotchipa, koma makina ometera amalira mokwiya ndi kutentha, sipika imang'ung'udza, ndipo machaja ena amapsa.

Mawaya ndi mafyuzi

Pa 12 V ma amp amakhala ambiri, ndipo waya wopyapyala amadya mphamvu ndi kutentha. Waya wa sipika kapena wa belu sayenera kupezeka paliponse m'dongosololi. Kuchoka pa mapanelo awiri kufika pa kontirola, pa mtunda wa mamita 5, ikani waya wa kopa wa 6 mm². Amataya pafupifupi theka la volti. Wa 2.5 mm² pa mtunda womwewo amataya kuposa volti imodzi, ndipo batire siifika podzadza. Mtunda ukafika mamita 10, kwerani pa 10 mm². Kuchoka pa kontirola kufika pa batire, 6 mm² osapitirira mita ndi theka. Inveta ya 500 W ikamagwira mokwanira imakoka pafupifupi 50 A, choncho imafuna waya wa 16 mm², waufupi, womangidwa ndi malagi ndi mabawuti, osati timano ta ng'ona tongopanira. Palani kansonga ka waya musanagule: ena ndi aluminiyamu wopaka kopa pamwamba, mkati moyera, ndipo sanyamula mofanana ndi kopa weniweni.

Batire ya 200 Ah mawaya ake akagundana imatulutsa ma amp mazanamazana, okwanira kusungunula sipanala ndi kuyatsa nyumba. Choncho pa waya aliyense wochoka pa + ya batire pakhale fyuzi, pafupi ndi batireyo, osapitirira chikhatho chimodzi: ya 60 A popita ku inveta, ya 30 kapena 40 A popita ku kontirola, malinga ndi kukula kwake. Pakati pa mapanelo ndi kontirola ikani buleka ya DC, kutanthauza ya magetsi a mtundu wa batire ndi mapanelo, kuti muzitha kudula pokonza. Mapanelo akafika atatu olumikizidwa + ndi +, iliyonse ikhale ndi fyuzi yake ya 15 A. Fyuzi ikapsa, funani chimene chaipsetsa. Kumangapo waya wa kopa m'malo mwake n'kuchotsa chitetezo chonse.

Kuika mapanelo padenga

Malawi ali kummwera kwa equator, pakati pa madigiri 9 ndi 17, ndiye kwa nthawi yaitali ya chaka, makamaka m'miyezi yozizira, dzuwa limadutsa cha kumpoto. Mapanelo ayang'ane kumpoto. Ngati mulibe kampasi, imani m'mawa dzanja lanu lamanja litaloza kotulukira dzuwa. Kumene nkhope yanu yayang'ana ndiko kumpoto. Apendeke pafupifupi madigiri 15: pa mita iliyonse ya kutalika kwa panelo, mbali ya kummwera ikwere masentimita 26 kuposa ya kumpoto. Musawagoneke chathyathyathya, chifukwa madzi ndi fumbi zimakhazikika pagalasi.

Pakati pa panelo ndi malata pakhale mpata wa masentimita 10 kapena kuposa woti mphepo izidutsa. Panelo ikatentha mavolti ake amatsika, ndipo malata a mu Okutobala amaotcha. Felemu ikhale ya chitsulo, yomangidwa ndi mabawuti olowa m'mitengo ya denga, osati pa lata lokha, ndipo mabowo muwamate kuti asadonthe. Kutsamiritsa panelo ndi njerwa kumatha ndi mphepo yoyamba ya mvula. Poletsa akuba, mitu ya mabawuti ikhale mkati mwa nyumba, kapena wotcherera aiwotcherere.

Mthunzi ndi mdani wamkulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Timabokosi ta mu panelo tidalumikizidwa mondondozana, ndiye nthambi ya mango, mlongoti wa eriyo kapena dishi ikaphimba kagawo kochepa, mzere wonse umafooka. Yang'anani malowo 9 koloko m'mawa, masana ndi 3 koloko madzulo musanaboole denga, ndipo kumbukirani kuti mu Juni mithunzi ya zinthu za kumpoto imatalika. Mawaya adutse m'mapaipi apulasitiki chifukwa cha makoswe ndi m'mphepete mwa malata mothwa. Felemu ya mapanelo ilumikizidwe ndi waya wokhuthala ku ndodo ya kopa yokhomedwa pansi pa nthaka yachinyezi, chifukwa cha ziphaliwali za m'dzinja.

Batire ikhale pamalo ozizira, opita mphepo, pa thabwa, m'bokosi loti ana sangafikemo. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10 pamwamba pa 25, moyo wa batire ya mtovu umadulidwa pafupifupi pakati, ndiye ku Nsanje, ku Chikwawa ndi m'mphepete mwa nyanja nkhani ya malo ozizira njofunika kwambiri. Batire yothira madzi imatulutsa mpweya woyaka potchaja, choncho kandulo, mbaula ndi fodya zikhale kutali, ndipo kontirola ndi inveta zisakhale pamwamba pake penipeni, koma pambali pakhoma.

Ndondomeko yolumikizira

Apa dongosolo lisasinthidwe. Vulani mphete ndi wotchi, kulungani chogwirira cha sipanala ndi tepi, ndipo phimbani mapanelo ndi katoni kapena siyani buleka yawo yozima.

1. Mangani mawaya onse mafyuzi atachotsedwa. Yezani ndi multimeter kuti mutsimikize + ndi −. Musadalire mtundu wa waya wokha.
2. Lumikizani batire ku kontirola, n'kuika fyuzi yake. Kontirola iyake ndi kuonetsa 12 V. Imazindikira kukula kwa dongosolo kuchokera ku batire. Mukayamba ndi mapanelo ikhoza kuganiza kuti ndi la 24 V, kapena kupsa kumene.
3. Sankhani mtundu wa batire pa kontirola: yamadzi, gel, kapena lithium.
4. Lumikizani mapanelo, + ndi +, − ndi −, ngati muli pa PWM. Vundukulani kapena yatsani buleka. Chizindikiro cha kutchaja chioneke, ndipo mavolti a batire ayambe kukwera.
5. Lumikizani mababu a 12 V pa malo a babu a kontirola.
6. Lumikizani inveta molunjika ku batire kudzera pa fyuzi yake, itazima. Isalumikizidwe pa malo a babu a kontirola, chifukwa imakoka ma amp ochuluka kuposa amene malowo angapirire. Kuthetheka pang'ono pomanga waya womaliza n'kwachibadwa.
7. Lolani batire idzadze tsiku lathunthu musanayambe kuidya.

Pomasula mumabwerera chambuyo: mapanelo poyamba, batire pomaliza.

Ngati nyumbayo ili kale ndi mawaya a ESCOM, musalowetse magetsi a inveta m'soketi yapakhoma kudzera pa waya wa mapulagi awiri. Magetsiwo amabwerera mu mzere wapanja n'kutha kupha wogwira ntchito pa pholo, ndipo a ESCOM akabwerera inveta imaphulika. Pamafunika swichi yosinthira, yoikidwa ndi mmisiri wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA.

Kagwiritsidwe ka tsiku ndi tsiku

Ntchito zolemera muzizichita dzuwa lili kumwamba. Mafoni otchajidwa pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana amadya mphamvu yochoka padenga mwachindunji, ndipo batire imafika madzulo ili yodzadza.

Phunzirani kuwerenga mavolti a batire ya mtovu itapuma, kutanthauza patapita ola limodzi isakutchajidwa ndiponso isakudyedwa. Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanatuluke. Pa 12.7 V ndi yodzadza, pa 12.2 V yafika theka, pa 11.9 V yatsala pang'ono kutheratu. Masana pomwe ikutchajidwa iyenera kukwera mpaka cha m'ma 14.4 V, kenako n'kutsika kukhala pa 13.6 mpaka 13.8 V. Ikamafika pamenepo tsiku lililonse, ili bwino. Ikatha masiku atatu osafika, chepetsani zodya mpaka idzadze, kuyambira ndi TV ndi sipika. Inveta zambiri zimayamba kulira batire itafika cha m'ma 10.5 V, pomwe yavulala kale, ndiye musadikire kulirako kuti muzimitse.

Batire yothira madzi muziiyang'ana mwezi uliwonse. Madzi aphimbe mapuleti ndi sentimita imodzi kapena kufika pa mzere. Thirani madzi a batire ogula okha, olembedwa distilled aja, osati a pamjigo kapena a pampopi, chifukwa mchere wake umawononga mapuleti. Asidi musaonjezere, chimene chimauluka ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Mitu ya batire ikachita zoyera kapena zobiriwira, masulani, tsukani ndi madzi osakaniza soda, umitsani, mangani zolimba, n'kupakapo Vaseline pang'ono. Mapanelo muzitsuka ndi madzi ndi nsalu yofewa m'mamawa galasi lisanatenthe, kamodzi pa sabata kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, pomwe fumbi ndi phulusa la moto wa m'tchire zachuluka. Zitosi za mbalame zichotsedwe msanga, chifukwa malo ophimbidwawo amatentha n'kupserera.

Zikavuta, yambani pa zotchipa. Batire ikamatha msanga, onani kaye ngati ikudzadza masana: galasi lafumbi, mthunzi watsopano, bawuti yomasuka, waya wotentha mukaukhudza. Inveta ikamazima mukayatsa TV pomwe batire ikuonetsa bwino, nthawi zambiri vuto ndi waya wopyapyala kapena malumikizidwe a dzimbiri, amene amagwetsa mavolti panjira. Kontirola ikapanda kuonetsa kutchaja dzuwa lilipo, yezani mavolti pa mawaya ochoka padenga. Kukakhala zii, funani polumikizira pomwe palowa madzi. Batire ikatupa kapena kununkha ngati dzira lowola, dulani mapanelo nthawi yomweyo, tsekulani mazenera, ndipo muone ngati kontirola siidasankhidwe molakwika. Batire yakufa musaiswe kapena kuthira asidi wake pansi. Mtovu ndi poizoni woopsa makamaka kwa ana. Ibwezeni kwa ogulitsa mabatire amene amalandira zakale.

Filiji, pampu ndi chigayo

Filiji imasintha mawerengedwe onse. Yaing'ono yosungira zakumwa imadya pakati pa 500 ndi 1,000 Wh patsiku, malinga ndi kutentha ndi katsekulidwe, ndipo polira koyamba injini yake imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa yolembedwa. Imafuna inveta ya 1,000 W kapena kuposa, mapanelo ndi mabatire owirikiza kawiri, ndipo pofika apa n'kwabwino kusamukira pa 24 V ndi MPPT, chifukwa ma amp amatsika ndi theka ndipo mawaya satentha. Filiji yotsekulira pamwamba imasunga kuzizira kuposa yachitseko, ndipo ya DC yopangidwira sola siifuna inveta n'komwe. Ikani mabotolo a madzi mkati kuti aume masana, azisunga kuzizira usiku filiji itazima.

Pampu yothirira kudimba ndiyo yosavuta kuichotsa pa petulo, chifukwa siifuna batire: mapanelo amayendetsa pampu ya DC masana, madzi n'kukwera mu thanki, ndipo thankiyo ndiyo nkhokwe. Pogula, uzani wogulitsa zinthu ziwiri, kutalika kochokera pamwamba pa madzi kufika pa thanki, ndi malita amene mukufuna patsiku. Chigayo ndi makina owotcherera zili pa mlingo wina, wa makilowati ambiri, ndipo zimafuna katswiri woti ayeze injiniyo ndi kupanga dongosolo lake.

Amene ndalama sizikukwanira zonse nthawi imodzi ayambe ndi kontirola ya 40 A, batire yoyenera, ndi mapanelo awiri, ayatse mababu, mafoni ndi makina ometera, TV idikire. Kugula batire yaikulu ndi panelo imodzi yaing'ono poganiza zodzaonjezera mtsogolo kumapha batireyo, chifukwa ya mtovu ya 200 Ah imafuna kutchajidwa ndi ma amp oyandikira 20 kuti idzadze tsiku lomwelo. Jenereta ija ngati mwaisunga kuti izithandiza masiku a mitambo, igwiritseni ntchito ndi chaja ya batire ya 20 A kwa maola awiri kapena atatu, ili panja kutali ndi zenera, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha wosanunkha.